Mawaipa Akaima Mvula Ili Mkati: Mayankho a Makalata Anu

Mvula yoyamba ikangogwa mu Blantyre, chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, makalata ambiri amene amafika pa tsamba lino amakhala okhudza mawaipa. Sizodabwitsa, pakuti chiperoni chikatha cha mu Ogasiti eni galimoto ambiri sakhudzanso swichi ya mawaipa, ndipo miyezi yonseyo fumbi limalowa m'zitsulo, girisi amauma, dzuwa nalo likuwotcha labala. Mwezi uno ndasankha makalata amene, tikawaika pamodzi, akukhudza pafupifupi njira zonse zimene mawaipa amafera.

Funso: Akonzi, ndili ndi Toyota Vitz imene ndinaitanitsa kuchokera ku Japan zaka zingapo zapitazo. Sabata yatha mvula inandipeza pa Kameza ndikuchokera ku Lunzu, ndipo nditatsitsa swichi mawaipa sanasunthe ngakhale pang'ono. Palibenso phokoso lililonse limene ndikumva. Mnyamata wina wokonza galimoto wandiuza kuti mota yapsa, ndikagule ina. Kodi ndingatsimikize bwanji ndisanataye ndalama?
*Bambo wa ku Chirimba*

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanapite kukagula. N'kutheka kuti mnyamatayo akunena zoona, koma mota, kainjini kamagetsi kamene kamayendetsa mawaipa, ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa mawaipa, ndipo iyenera kukayikiridwa pomalizira, zina zonse zitayesedwa. Zimandimvetsa chisoni ndikaona munthu atagula mota ku Ndirande kapena ku Limbe, amakaniko n'kuimanga, kenako mawaipa n'kukhalabe chiimire chifukwa chimene chinafa chinali kachipangizo kotchipa kwambiri.

Mawu ofunika m'kalata yanu ndi akuti simukumva phokoso. Komabe mvula ikamagwa padenga la galimoto munthu samva bwino, choncho yambani mwatsimikiza. Imikani galimoto pamalo abata, zimitsani wailesi ndi fani, tembenuzani kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake koma osaliza injini, thirani madzi pagalasi, ndipo mnzanu atchere khutu m'munsi mwa galasi lakutsogolo pamene inu mukusuntha swichi. Pa galimoto zochokera ku Japan swichiyi imakhala kumanzere kwa chiwongolero. Yesani malo ake onse: MIST wopukuta kamodzi, INT wopukuta modukiza, LO wa liwiro lochepa ndi HI wa liwiro lalikulu. Ngati pamalo amodzi pokha mawaipa ayenda, mota yanu ndi yamoyo. Ngati mota ikulira koma mikono siyenda, vuto lanu ndi la mayi amene ndiwayankhe pambuyo panu. Ngati kuli zii ponseponse, ndiye kuti magetsi sakufika pa mota, kapena akufika koma mota siikuwagwiritsa ntchito.

Choyamba kuona ndi fyuzi. Galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri a mafyuzi, lina pansi pa boneti pafupi ndi batire, lina mkati pansi pa dashibodi, ndipo fyuzi ya mawaipa kawirikawiri imapezeka m'bokosi la mkatilo. Pachivundikiro pamakhala chithunzi cha malo a fyuzi iliyonse. Funani pamene palembedwa WIPER kapena WIP. Pa galimoto zina malembowo ndi a Chijapani, koma kamera ya foni yokhala ndi intaneti ikhoza kukumasulirani. Zimitsani kiyi, zulani fyuziyo ndi kopanira kapulasitiki kamene kamakhala m'bokosi, ndipo iyang'aneni powala: kachitsulo ka mkati kakaduka kapena kudetsedwa ndi moto, yapsa. Fyuzi ya mawaipa nthawi zambiri imakhala ya pakati pa 20A ndi 30A, ndipo mtundu wake umasonyeza mphamvu yake: yachikasu ndi 20A, yoyera kapena yoonekera mkati ndi 25A, yobiriwira ndi 30A. Ikanipo ya nambala yomweyo imene yalembedwa pachivundikiro. Popita kusitolo tengani yakaleyo, chifukwa mafyuzi amasiyana kukula ndipo galimoto zambiri za ku Japan zimagwiritsa ntchito aang'ono a miyendo yaifupi. Nthawi zina fyuzi imaoneka yabwino m'maso pamene miyendo yake yachita dzimbiri kapena ikugwedera m'malo mwake, choncho kuikapo yatsopano n'kuyesa ndi njira yodalirika kuposa kungoyang'ana.

Mukaika yatsopano mawaipa n'kuyamba kuyenda, musasangalale msanga. Fyuzi siipsa popanda chifukwa, ndipo ndikupemphani muwerenge bwino yankho la achimwene a minibasi m'munsimu.

Fyuzi ikakhala yabwino, pamafunika tesita, kababu kaja kokhala ndi waya ndi kachitsulo kosongoka, kamene aliyense wa zamagetsi a galimoto ali nako. Mota ya mawaipa imakhala m'munsi mwa galasi, pena yoonekera mukatsegula boneti, pena yobisika pansi pa chivundikiro chapulasitiki chakuda. Zulani pulagi yake n'kuyang'ana mkati. Mukaona zobiriwira kapena zoyera zauma pa timano ta pulagi, madzi analowamo, ndipo kungotsuka pamenepo kumatha kudzutsa mota imene inkaoneka ngati yafa. Kenako panani waya wa tesita pachitsulo choyera cha bodi, yatsani kiyi, ndipo gusani timano ta pulagi kamodzikamodzi mnzanu akusintha swichi. Pa Toyota ngati yanu, dzino limodzi liyenera kuyatsa tesita swichi ikakhala pa LO, lina ikakhala pa HI. Tesita ikapanda kuyaka, vuto lili m'mbuyo: swichi, relay (kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magetsi) kapena waya woduka. Pa galimoto zazing'ono zambiri za Toyota relay ya mawaipa inamangidwira mkati mwa swichi yeniyeniyo, kotero musavutike kuifuna m'bokosi. Pa galimoto zimene relay ili payokha, mukhoza kuisinthanitsa kwa kanthawi ndi inzake ya nambala yofanana n'kuona ngati zisinthe. Eni galimoto zina za Honda ndi Nissan adziwe kuti pa zawo magetsi amafika pa mota nthawi zonse kiyi akayaka, ndipo swichi imadula mbali ya earth, njira imene magetsi amabwerera ku batire. Kuyaka kwa tesita pamenepo sikutsimikiza kuti swichi ili bwino.

Earth ndi imene anthu ambiri amaiwala. Magetsi a 12 volts akalowa mu mota ayenera kubwerera ku batire kudzera m'bodi ya galimoto, ndipo bawuti imene imagwira waya wa earth ikachita dzimbiri, njira yobwerera imatsekeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani waya wabwino, mbali ina igunde thupi lachitsulo la mota, ina igunde mbali ya negative ya batire. Mota ikadzuka, palani pamene pali dzimbiripo ndi sandipepa, mangani bwino, ndipo ntchito yatha.

Pokhapokha magetsi akufika, earth ili bwino, koma mota ili chete, m'pamene tinganene kuti vuto lili mu mota. Ngakhale pamenepo sikuti yapsa nthawi zonse. Igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva swichi ili pa LO, manja anu ali kutali ndi zitsulo zoyenda. Ikayamba kuyenda, ndiye kuti makaboni, timakala timene timapereka magetsi ku mbali yozungulira ya mkati mwa mota, atha kapena akakamira, ndipo wa zamagetsi wodziwa ntchito akhoza kuitsegula, kuitsuka ndi kusintha makaboniwo. Ikakhala kuti ikununkha chopserera, gulani ina. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, tengani yakale kuti mufanizire pulagi ndi mabowo a mabawuti, tsimikizani kuti inachotsedwa pa galimoto ya chiwongolero chakumanja ngati zathu kuno, ndipo wogulitsayo aiyese pa batire inu mukuona, pa liwiro lonse liwiri, musanapereke ndalama.

Funso: Akonzi, ine mota ndikuimva bwinobwino ikulira, koma waipa wa mbali ya dalaivala sakuyenda, wa mbali inayo yekha ndiye akupukuta. Zinayamba tsiku limene mwana wanga anayatsa mawaipa galasi lili louma ndiponso lodzaza maluwa a jakaranda. Galimoto ndi Honda Fit.
*Mayi wa ku Namiwawa*

Yankho: Mayi, musade nkhawa kwambiri, chifukwa magetsi a galimoto yanu ali bwino ndipo mota ikugwira ntchito. Mota ya mawaipa ndi imodzi yokha. Imazunguza kagiya, kagiyako kamakankha timitengo tachitsulo tobisika pansi pa chivundikiro, timene amakaniko amati linkage, ndipo timitengoto timagwedeza mashafuti awiri amene amatulukira m'munsi mwa galasi. Mkono uliwonse wa waipa umamangidwa pa shafuti yake ndi nati imodzi. Ngati mkono umodzi ukuyenda, mphamvu ikutayika penapake pakati pa linkage ndi mkono woimawo.

Yambani ndi nati. Pa tsinde la mkono pali kachipewa kapulasitiki. Kachotseni, yatsani mawaipa, ndipo yang'anitsitsani. Mukaona nati ndi shafuti zikugwedezeka uku ndi uku pamene mkono uli phee, ndiye kuti nati yakhwefuka kapena timano ta mkati mwa mkono tadyeka. Shafutiyo ndi yachitsulo cholimba pamene tsinde la mkono ndi lachitsulo chofewa, choncho labala akamatirira pagalasi louma n'kukana kusuntha, timano ta mkono ndi timene timayamba kudyeka. Zimene mwafotokoza za tsiku la jakaranda zikugwirizana kwambiri ndi zimenezi. Zimitsani swichi ndipo dikirani kuti mota imalize ulendo wake n'kuima yokha, kenako chotsani kiyi, masulani nati, zulani mkono, tsukani timano ta shafuti ndi bulashi yawaya, bwezerani mkono pamalo pake popumira m'munsi mwa galasi, n'kumanga natiyo molimba. Sipanala yake kawirikawiri imakhala ya 12, 13 kapena 14. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika: mukamanga mkono mota isanafike poimira pake, waipa adzayamba kumenya m'mphepete mwa galasi kapena kugundana ndi mnzake. Mkono ukapitiriza kuterereka mutamanga, timano tatheratu ndipo mufunika mkono wina, umene si wodula ngati mota.

Koma mukaona kuti shafutiyo nayo siikusuntha, vuto lili pansi pa chivundikiro. Kumapeto kwa kamtengo kalikonse ka linkage kuli bushi yapulasitiki yovala pa kampira kachitsulo, ndipo bushiyo ikakalamba imaguluka. Chizindikiro chake n'chakuti mkono woimawo umasuntha mosavuta mukaukankha ndi dzanja, pena mumamvanso chitsulo chikugogoda pansi pamenepo mota ikamayenda. Zikatero musapitirize kuyatsa mawaipa, chifukwa kamtengo kolendewerako kakhoza kupindika kapena kudula mawaya. Ena amabwezera bushi yakaleyo n'kuimanga ndi waya. Zimenezi zikhoza kukufikitsani kunyumba, koma sizipirira mvula ya Januwale. Sinthani mabushi, kapena linkage yonse ngati timipirato tadyekanso.

Ndikuchenjezeni inu pamodzi ndi aliyense wowerenga: musalowetse dzanja pa linkage kiyi ali m'malo mwake. Mota imeneyi ili ndi mphamvu zokwanira kuthyola chala, ndipo imatha kuyenda yokha kuti ikafike poimira pake ngakhale swichi ili yozimitsa.

Funso: Akonzi, ndimayendetsa minibasi ya Toyota Hiace pakati pa Bangwe ndi Limbe. Mawaipa anga anayamba kuyenda mwaulesi, kenako fyuzi inayamba kupsa pafupipafupi mvula ikalimba. Nditatopa kugula, kondakitala anakulunga waya pa fyuzi yopsayo ndipo pano zikuyenda, ngakhale mota imatentha kwambiri. Eni galimoto akuti tidikire mwezi uthe. Kodi pali vuto?
*Dalaivala wa ku Bangwe*

Yankho: Achimwene, vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu kuposa la onse amene alemba mwezi uno. Chotsani waya ameneyo lero. Ntchito ya fyuzi ndi kuduka magetsi akachuluka kuposa amene mawaya angathe kunyamula. Mwaikapo chinthu chimene sichiduka, kotero magetsi akachulukanso chimene chidzatenthe ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, amene amangidwa m'mitolo pamodzi ndi mawaya a zinthu zina zonse. Pulasitiki wake akasungunuka, zotsatira zake ndi kupsa kwa mawaya onse kapena moto weniweni, inu muli ndi anthu odzaza m'galimoto. Kuika fyuzi ya nambala yaikulu kuposa yoyenera n'kulakwa komweko.

Kalata yanu yafotokoza matenda ake mwadongosolo: ulesi poyamba, kenako fyuzi, kenako kutentha. Zimenezi zimaloza ku mashafuti amene agwirana. Shafuti iliyonse imazungulira m'kachubu kokhala ndi girisi, ndipo fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe likasakanikirana ndi madzi a mvula yoyamba, girisiyo amauma, dzimbiri n'kulowa. Mota imachita ngati munthu amene akukankha wilibala ya tayala louma: imayendabe, koma movutika, ndipo mota yamagetsi ikamavutika imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa masiku onse. M'chifukwa chake ikutentha, m'chifukwa chakenso fyuzi imapsa pakapita mphindi zingapo, makamaka mukaika pa HI.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta kwa makaniko aliyense. Achotse kiyi, alekanitse linkage ndi mota, kenako agwedeze linkage ndi dzanja. Iyenera kuyenda mofewa. Ikakhala yolimba, mashafuti atulutsidwe m'machubu ake, apalidwe dzimbiri ndi sandipepa wosalala, apakidwe girisi watsopano, n'kubwezeredwa. Mafuta opopera aja amathandiza kumasula, koma samakhalitsa, ndipo amene amangopopera pamwamba amabwereranso kugalaja pakangotha milungu yochepa. Ali pomwepo achotse masamba ndi dothi zimene zimaunjikana m'ngalande ya pansi pa galasi, chifukwa mabowo otulutsira madzi akatsekeka mota imakhala m'chinyontho.

Linkage ikapezeka yofewa, ndiye kuti pali waya wosupuka amene akugunda bodi, kapena mota yawonongeka mkati. Nthawi imene fyuzi imapsera imathandiza kusiyanitsa. Ikamapsa mukangoyatsa kiyi, zulani pulagi ya mota n'kuika fyuzi yatsopano: ikapsabe, vuto lili m'mawaya kapena mu swichi, ikapulumuka, lili mu mota. Pa galimoto zokhala ndi waipa wakumbuyo, onaninso mawaya amene amadutsa m'kachubu kalabala pa hinji ya chitseko chakumbuyo, pakuti amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa ndipo pa minibasi chimatsegulidwa kosawerengeka.

Eni galimotowo muwauze mwaulemu kuti pakali pano ntchito yake ndi ya girisi ndi maola ochepa a makaniko, pamene akadikira adzagula mota, mwinanso mawaya onse. Akumbukirenso kuti galimoto imene mawaipa ake sakugwira bwino ntchito siyenera kupatsidwa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ndipo inu amene muli pachiwongolero, dziwani kuti galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Mawaipa akaima n'kukuphimbani maso kwa masekondi 3 okha, mwadutsa mamita 50 osaona, pamsewu wodzaza njinga zamoto za kabaza ndi ana a sukulu. Kutulutsa mutu pawindo, kapena kondakitala kupukuta ndi nsanza galimoto ikuyenda, sikubwezera maso amenewo.

Funso: Akonzi, pa Nissan Note yanga mawaipa amaima paliponse pamene ndazimitsira, ngakhale pakati pa galasi. Komanso malo opukuta modukiza anasiya kugwira ntchito, zimene zinandivuta kwambiri nthawi ya chiperoni popita ku Thyolo.
*Mphunzitsi wa ku Chilomoni*

Yankho: Aphunzitsi, mavuto anu awiriwa mwina ali ndi gwero limodzi. Mkati mwa mota, pa giya yaikulu, muli kambale kachitsulo kamene timiyendo tamkuwa timakhudza giyayo ikamazungulira. Amakaniko amati park switch. Ntchito yake ndi kupitiriza kupatsa mota magetsi mukazimitsa swichi mpaka mikono itafika pansi. Kupukuta modukiza kumadaliranso kambale komweka: swichi imangopereka magetsi kwa kamphindi kuti mota inyamuke, ndipo park switch ndi imene imamalizitsa ulendowo. Timiyendoto tikadyeka, kapena girisi wouma akaphimba kambaleko, zinthu ziwirizi zimafa pamodzi pamene LO ndi HI zikuyendabe. Wa zamagetsi ayambe waona ngati waya wa park pa pulagi ukulandira magetsi ndiponso sunaduke, kenako atsegule chivundikiro cha giya, atsuke kambaleko ndi kukweza timiyendo pang'ono. Nthawi zambiri sipafunika mota yatsopano. Zonsezi zikakhala bwino, kayikirani swichi kapena bokosi lamagetsi limene limayendetsa mawaipa.

Pali matenda ena apachibale amene owerenga angapo afunsa. Mawaipa amene amakana kuzima mpaka mutachotsa kiyi amasonyeza park switch kapena relay yomatirira. Amene amayenda pa HI pokha amasonyeza kuti kaboni wa liwiro lochepa watha kapena swichi yadyeka pamalo a LO, pakuti mota zambiri zili ndi makaboni atatu, mmodzi wa LO, wina wa HI, wachitatu wogwira ntchito mbali zonse, ndipo LO ndi amene timagwiritsa ntchito kwambiri.

Funso: Akonzi, makaniko wanga akuti mawaipa a Volkswagen Polo yanga amafa akatsegula boneti ndipo amadzuka akatseka. Pano ayamba kufa ngakhale boneti ili yotseka.
*Mayi wa ku Nyambadwe*

Yankho: Mayi, galimoto zambiri za Volkswagen zinapangidwa dala kuti mawaipa asayende boneti ikakhala yotsegula. Pa loko wa boneti pali kaswichi kouza kompyuta ya galimoto ngati yatsekedwa, ndipo kaswichiko kakawonongeka kapena loko akapanda kugwira bwino, kompyuta imaganiza kuti boneti ikadali yotsegula. Onani ngati dashibodi ikusonyeza chizindikiro chimenecho. Pa galimoto zatsopano zotere swichi siitumiza magetsi mwachindunji ku mota koma imatumiza uthenga ku kompyuta, choncho musalole munthu kulumikiza mawaya mongoyerekeza kuchokera ku batire. Pitani kwa amene ali ndi makina owerengera zolakwika za galimoto.

Funso: Akonzi, mawaipa anga akuyenda, koma amasiya mizere ndi chifunga pagalasi moti usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amandithobwa m'maso, makamaka potsika phiri kupita ku Chikwawa. Madzi otsukira galasi nawonso sakutuluka. Anzanga akuti ndizithira sopo waufa m'thanki, ena akuti ndizipaka fodya pagalasi.
*Wamalonda wa ku Zingwangwa*

Yankho: Bambo, msewu umene mwatchulawo uli ndi makona ambiri ndiponso malole olemera, ndipo si malo oyenderapo ndi maso atheka. Labala wa waipa amatha ndi dzuwa kuposa mvula, choncho ngakhale waipa amene wagwira ntchito pang'ono akhoza kukhala wotha pofika Novembala. Kwezani mkono n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa labala. Akakhala wolimba, wong'aluka kapena wopindikira mbali imodzi, musinthe. Opanga mawaipa ambiri amalangiza kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12, ndipo kwa ife kuno nthawi yabwino ndi Okutobala, mvula isanayambe. Yezani kutalika kwa aliyense payekha, chifukwa pa galimoto zambiri wa mbali ya dalaivala ndi wamtali kuposa mnzake. Posintha, yalani thaulo pagalasi, pakuti mkono wopanda labala ukaphonyoka n'kumenya galasi umatha kuliswa. Musayendetsenso waipa amene labala wake wasosoka mpaka chitsulo kukhudza galasi. Mzere umene chitsulocho chimalemba sufufutika mosavuta.

Chifunga chimene mukuona usiku nthawi zambiri ndi mafuta a utsi wa dizilo ndi phula la polishi zimene zamatirira pagalasi. Labala watsopano sangazichotse. Tsukani galasi ndi mankhwala otsukira magalasi kapena spirit pa nsalu yoyera, kunja ndi mkati momwe, ndipo pukutaninso labalayo mpaka nsalu isiye kuda. Ngati pakati pagalasi pakutsalabe malo osapukutika, sipuling'i ya mkono yafooka ndipo mkono sukupanikiza mokwanira.

Sopo waufa musathire. Sasungunuka yense, amatseka sefa ya pampu ndi timabowo totulutsira madzi, ndipo akauma amasiya zoyera pagalasi ndi pa penti. Gwiritsani ntchito madzi oyera osakaniza ndi mankhwala opangidwira ntchito imeneyi. Fodya ndi zina zopakapaka zimangowonjezera utoto umene umamwaza kuwala usiku. Za madzi osatulukawo, kokani swichi n'kumvetsera: pampu ikamalira, ndiye kuti thanki yauma, paipi yaguluka kapena timabowo tatsekeka, ndipo singano yopyapyala imatsegula timabowoto. Pampu ikakhala chete, onani fyuzi yake, imene pa galimoto zambiri imakhala payokha ndipo imalembedwa WASHER kapena WASH, kenako pulagi ya pampu.

Popeza mumayenda usiku, sungani m'galimoto mafyuzi apadera a nambala zoyenera, tochi, nsalu yoyera ndi sipanala ya nati ya mawaipa anu. Mawaipa akakuferani mvula ili mkati, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, yatsani mahazadi, ndipo patukani pamalo oyamba amene galimoto yonse ingachoke mumsewu, osati pakona, pamlatho kapena m'mphepete mwa ngalande imene ikusefukira. Ikani matirayango kutsogolo ndi kumbuyo, kenako yesani fyuzi ndi nati monga ndafotokozera bambo a ku Chirimba ndi mayi a ku Namiwawa. Zikakanika, dikirani mvula ikate musanapitirize ulendo.